Mutiitane kalata isanasainidwe

Tsiku loyamba kulowa mu komiti yokambirana ya aphunzitsi ndi oyang'anira sukulu yathu ndinanyamula kope latsopano, mtima uli m'mwamba. Anzanga a m'bungwe la aphunzitsi anandisankha kuti ndikawayimire, ndipo ine ndinkangoona ngati anditumiza kunkhondo. Tinalipo asanu ndi atatu: anayi ife a bungwe, anayi a mbali ya oyang'anira sukulu, ahedi ali pomwepo. Popanda wotiuza, tinakhala moyang'anizana.

Nkhani yoyamba inali ya ndandanda wa mapiriyodi. Mayi wina wophunzitsa masamu, yemwe anali atangobwerako kutchuthi chakuchira, anapatsidwa mapiriyodi ondondozana kuyambira m'mawa mpaka masana, opanda mpata wokayamwitsa. Ndinalankhula mokweza ndithu. Ahedi anandisiya mpaka ndinamaliza, kenako anatambasula chipepala cha ndandanda, chofufutafufuta mpaka kubooka pakona.

"Aphunzitsi, taonani nokha," anatero. "A masamu ndili nawo awiri okha. Ndiuzeni poti ndisunthe."

Tinaweramira pepala lija ola lathunthu, pensulo ikuyenda dzanja ndi dzanja. Njira anaipeza ndi mnzanga wa Chingerezi, amene anavomera kusinthana ndi mayi uja piriyodi yachitatu masiku anayi pa sabata. Ahedi sakanaipeza okha, poti sankadziwa amene angalolere. Ifenso sitinkadziwa kuti mutu umawawawa chotani popanga ndandandawo.

Makomiti otere si a lero ayi. Ku Britain, mu 1917, komiti yotsogoleredwa ndi J.H. Whitley inalangiza kuti olemba ntchito ndi ogwira ntchito azikhala ndi makhonsolo okumana nthawi ndi nthawi, osadikira sitalaka. Mu 1919 kunabadwa komiti ya Burnham, imene inkakambirana malipiro a aphunzitsi ku England ndi Wales mpaka boma linaithetsa mu 1987. Ndipo pa 5 Okutobala 1966, ku Paris, mayiko anavomereza malangizo okhudza aphunzitsi ochokera ku ILO ndi UNESCO (nthambi za United Nations zoona za ntchito ndi za maphunziro), onena kuti mabungwe athu azitenga nawo mbali pokonza mfundo za maphunziro, komanso kuti malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito zizichokera m'zokambirana. N'chifukwa chake tsiku la aphunzitsi padziko lonse limakhala pa 5 Okutobala.

Koma chimene chinandiwawa chinachitika teremu yachiwiri. Anatiitana kuti tikambirane zoonjezera ola limodzi la maphunziro madzulo kwa makalasi olemba mayeso. Tili mkati mopereka maganizo, ndinaona pansi pa faelo ya wachiwiri kwa ahedi mulu wa makalata opita kwa makolo, osainidwa kale, chidindo chili phaa. Tsiku loyambira linali litalembedwamo. Madzi anali atatayika kale, ife atiitanira kudzaona ponyowa.

Ndinatseka kope langa n'kunena kuti, "Bwana, uku si kutifunsa, uku n'kutidziwitsa. Tikatuluka muno anzathu anena kuti tinavomereza, pamene sitinapatsidwe mpata wokana." Ganizolo silinali loipa, ineyo ndikanalivomera. Koma pali aphunzitsi amene amakatenga ana awo nthawi imeneyo, ena amakhala kutali, ndipo palibe anawafunsa.

Woyimira bungwe amayenda pa kanjira kopapatiza. Ukamvana kwambiri ndi mabwana, m'chipinda cha aphunzitsi amayamba kunong'onezana kuti wagulidwa. Mawu amenewo ndinawamvapo ndi makutu angawa, ndipo anandisowetsa tulo.

Zitatero tinamanga malamulo athu. Mitu ya zokambirana izituluka kutatsala sabata. Upampando tizisinthana, mwezi uno iwo, wamawa ife. Zimene tagwirizana zizilembedwa, mbali zonse ziwiri zisaine, pa mfundo iliyonse pakhale dzina la woichita ndi tsiku lake, kenako pepalalo likhomedwe pa bolodi kuti aliyense awerenge yekha. Nkhani ya malipiro sitiigwira. Imeneyo ili ndi bwalo lake kumtunda, ndipo ufulu wonyanyala ntchito sitinausiye pakhomo polowa mu komiti.

Makalata aja anabwezedwa mu kabati. Ola la madzulo linayamba patatha masabata atatu, ndi aphunzitsi amene anadzipereka okha, mosinthana masiku. Lachinayi likudzali tikumananso, ndipo wapampando ndine. Mutu woyamba ndi wa chimbudzi cha aphunzitsi aakazi, chimene chitseko chake chinathyoka teremu yatha.