Zikomo nonse amene munasenza nane ndowe za ku Kafue

Dzulo masana ndinatuluka pageti la UNZA, yunivesite ya Zambia, pa Great East Road, kafukufuku wanga atamulandira. Ndisanapume ndati ndithokoze kaye, chifukwa zaka ziwirizi sindinayende ndekha.

Ambiri kuno ku Mtendere mumangodziwa kuti mwana uja amaphunzira za ndowe. Chimene ndinkafunafuna m'ndowemo ndi nthata, tizilombo ta miyendo 8, abale ake a nkhupakupa, tambiri tosapitirira milimita imodzi. Izi siziyamwa ng'ombe magazi. Za mtundu wa Macrocheles zimadya mazira a ntchentche ndi tinyongolotsi ta m'ndowe, ndiye zikachuluka ntchentche zimachepa. Mapiko zilibe. Ndowe ikayamba kuuma, zimakakamira kumimba kwa chikumbu chofukula ndowe, n'kuuluka nacho mpaka pa ndowe yaiwisi. Tsiku limene ndinatembenuza chikumbu koyamba n'kuona timadontho tofiirira titaunjikana m'miyendo mwake, manja ananjenjemera.

Woyamba kumuthokoza ndi bambo wina wachikulire amene amaweta ng'ombe m'madambo a Kafue Flats, kufupi ndi Lochinvar, mbali ya ku Monze. Madzi akaphwa amatsikira kudambo ndi ziweto zake monga ankachitira makolo ake, ngakhale kuti kuyambira pamene anamanga damu la Itezhi-Tezhi m'zaka za m'ma 1970, madziwo sabweranso mwa kale. Ine ndinafika ndi mabuku m'mutu koma osadziwa kusiyanitsa ndowe ya m'mawa ndi yogona. Iwo ankangobaya chikoko chapamwamba ndi ndodo, n'kusuzumira mkati: iyi ndi ya lero, iyi yagona katatu, iyi ndi ya lechwe (nyama yakutchire yonga gwape ya m'madambomo), isiye. Ntchito yanga yonse inatsamira pa luso limeneli, chifukwa nthata za m'ndowe yatsopano si zomwezo za m'ndowe ya sabata imodzi. Ndi iwonso anandilozera ndowe zouma zopanda bowo ndi limodzi lomwe la chikumbu, za ng'ombe zimene zinali zitangobayidwa mankhwala a nyongolotsi. Mankhwala ngati ivermectin amatuluka ndi ndowe n'kupha ana a zikumbu. Ine ndinaziwerenga, iwo anaziona kalekale ndi maso. Bambo, Chitonga changa n'chothyokathyoka koma twalumba kapati.

Kenako chinabwera chilala cha 2024. Madzi anatsika ku damu la magetsi la Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Kuti nthata zituluke, ndowe timaiika pa sefa m'fanelo, pamwamba n'kuyatsa babu kwa masiku angapo. Zikamathawa kutentha ndi kuuma, zimagwera m'kabotolo ka sipiriti pansi. Popanda babu, ndowe za ulendo wathunthu zinachita nkhungu n'kuwola, ndalama ya basi ndi masiku onse oyenda m'matope n'kupita pachabe. Usiku umenewo ndinalira, ndipo ndinauza amama kuti ndasiya.

Amama, munangoti, "Idya kaye nsima." Kutacha munachotsa matumba a makala m'kachipinda ka kuseri n'kundipatsa kiyi. Fungo lija munalipirira miyezi inayi, ndipo anzanu a kumpingo akabwera munkawauza mosachita manyazi kuti muno muli sukulu. Amalume, batire la sola lija ndi limene mumametera anthu m'kashopu kanu. Munkalibweretsa pawilibala madzulo aliwonse, m'mawa n'kudzalitenga, ndipo ndikudziwa kuti masiku ena makasitomala anabwerera. Simunandiuzepo.

Zikomo aphunzitsi anga, amene munakhala nane pa maikulosikopu mpaka mdima, kuwerenga tiubweya ta pamsana pa nthata kuti tidziwe mtundu wake. Zikomo achimwene ogwira ntchito m'labu, ndi inu akondakitala amene munalola ndowa zanga zotseka kukwera basi anthu akudandaula. Aneba, pepani ndi ntchentche zija.

Mabotolo onse ndawasiya m'labu, lililonse lili ndi tsiku ndi malo ake, kuti wobwera pambuyo panga adzayambire pamenepo. Loweruka ndikukwera basi ya ku Monze. Ndasindikiza zithunzi zikuluzikulu za nthata, chifukwa bambo aja anandipempha kuti ndikadzamaliza ndidzawaonetse nkhope ya kanthu kamene kanatiyendetsa m'matope.