Sabata 7: kope langa lakakamira pa blow

Kope lachiwiri latsala masamba ochepa kuti lidzaze. Pofika dzulo usiku ndinali nditalemba zining'a ndi aneni achingerezi 143 chiyambireni, ndipo 19 mwa amenewa ndi a sabata ino, onse okhudza kupuma, kuuzira ndi kutupa. Ndinkafuna afike 30, koma mneni mmodzi yekha, blow, wandidyera masiku anayi.

Mneniyo payekha savuta. Blow, blew, blown tinaloweza kalekale kupulaimale. Chondizunguza mutu ndi kamawu kamene kamabwera pambuyo pake. "Blow up" ndi kuphulika kwa bomba, ndi kuuzira baluni, ndi kukulitsa chithunzi, ndiponso kupsa mtima mwadzidzidzi. Ukachotsa up n'kuika out, wazimitsa kandulo. Ukaika over, mkuntho wadutsa, kapena nkhani yamanyazi yazilala, anthu aiwala. Lachitatu ndili m'minibasi m'pamene zinanditsegukira: ife ntchito imeneyi timaigwirira kumchira kwa mneni, monga kupuma, kupumira, kupumula, kupumitsa, pamene iwo mchirawo anaudula n'kuuika padera. Ndiye ndasiya kuwasanja onse pansi pa blow. Aliyense ndamupatsa mzere wake ngati mawu atsopano, ndi chiganizo chimodzi chochokera pa zomwe ndaona tsikulo. Ndalembanso ndi bolopeni yofiira kuti amati "blow it up", osati "blow up it", chifukwa ndalakwitsa kawiri.

Chomwe chandikakamiza kulowa m'gulu limeneli ndi manyazi a mwezi watha. Pamalo ogona alendo pomwe ndimagwira ntchito, mayi wina wa ku Britain anandifunsa ngati galimoto yodzawatenga ifike isanakwane 10 koloko. Ine pofuna kuwakhazika mtima pansi ndinati, "Don't hold your breath, madam." M'mutu mwanga ndimati pumani bwino, musade nkhawa. Ndinangoona nkhope yagwa, mayi aja ayamba kuimba mafoni kufuna galimoto ina. Kani ndinali nditawauza kuti asayembekezere n'komwe, sifika! Galimoto inafika nthawi yake, koma ine tsiku lonse nsima sinalowe bwino.

Chining'a chomwe chandisangalatsa koposa ndi "blow hot and cold". Chimanena munthu wosakhazikika, lero akufuna, mawa wakana. Chinachokera m'nthano ya Aesop wa ku Greece: munthu anapalana ubwenzi ndi satyr, cholengedwa cha m'nkhalango. Kukuzizira, munthu uja anauzira mpweya zala zake kuti zifunde. Atakhala pa chakudya, anauziranso kuti chizizire. Satyr anathetsa ubwenzi pomwepo, nati sangakhale ndi munthu wotulutsa kutentha ndi kuzizira pakamwa pamodzi. Kunena zoona ine ndili mbali ya munthuyo, chifukwa phala lamoto tonse timaliuzira, koma nthanoyo yandithandiza kuti chining'acho chisandichoke. N'chimodzimodzi "let off steam", kutulutsa mkwiyo: ndikangoganiza za injini zakale zoyendera nthunzi, zomwe zinkayenera kutulutsako nthunzi kuti zisaphulike, tanthauzo limabwera lokha.

Zina n'zapafupi, sizinanditengere nthawi. "Puffed up" ndi kudzitukumula kwathu komwe. "Blow your own trumpet" ndi kudzichemerera, ndipo ku America lipengalo amaliti horn. "Breathe down someone's neck" ndi bwana amene wakuimirira kumsana osakupatsa mpata. "Under your breath" ndi kung'ung'udzira chapansipansi.

Pa kutupa m'pamene ndinatsala pang'ono kugwanso m'mbuna. Nditaona "swollen head" ndi "big-headed", maganizo anathamangira ku mwambi wathu woti mutu ukakula sulewa nkhonya. Sizigwirizana ngakhale pang'ono. Kwathu mutu waukuluwo ndi wamkulu amene mavuto a pabanja amafikira kwa iye, ndi ulemu. Kwa iwo mutu wotupa ndi wa munthu amene matamando amulowa m'mutu, wayamba kunyada. Ukanena zimenezi kwa malume a mnzako poganiza kuti ukuwalemekeza, walakwa kale. Ndajambula kamutu kotupa m'mbali mwa tsambalo kuti ndisaiwale.

Chomwe chikundikanikabe ndi katchulidwe. Breath ndi breathe amasiyana ndi e mmodzi polemba, koma woyamba ndi wachidule ndipo th yake ndi mpweya wokha, pamene wachiwiri amakokedwa ndipo th yake imamveka ndi mawu apakhosi. Ndinadzijambula pafoni kasanu, ponseponse ndikumveka ngati ndikunena za buledi. Sabata yamawa sindiwonjezera mawu atsopano mpaka awiriwa atasiyana pakamwa panga, kenako ndimalize 11 otsala aja, kuyambira pa "blow the whistle".