Loweruka lonse pa Ribblehead, kudikira Galatea

Ndalowa m'nyumba cha m'ma 8 koloko usiku, nsapato zili matope okhaokha, zala zikukanika ndi kumasula zingwe komwe. Koma ndilembe ndisanagone, chifukwa mawa ndili pa shifiti ya m'mawa ndipo zambiri ndidzakhala nditaiwala.

Anayambitsa zonsezi ndi bambo anga. Mwezi watha tikucheza pa WhatsApp ndinangowatchulira kuti kuno ku England sitima zamalasha zikadayendabe pa masiku ena apadera. Anakhala kaye chete, kenaka amvekere, "Iwe, usandinamize. Zimene zija zinatha ine ndili mnyamata." Bambo awo, agogo anga, ankathira malasha m'sitima za Nyasaland Railways, ndipo iwo anakulira ku Limbe kufupi ndi njanji, komwe amati zovala zikayanikidwa panja ankakazianula zili ndi timadontho takuda. Ine sitima yamalasha yomwe ndinaionapo kwathu ndi ija imangoima panja pa Museum ya ku Chichiri, imene tinajambulitsa nayo pa ulendo wa sukulu. Ndiye lero ndinati ndikatenge umboni: ndikajambule injini yamalasha yotchedwa Galatea ikudutsa pa mlatho wa njanji wa pa Ribblehead.

Ndinakwera sitima wamba pa Leeds, yodzera ku Skipton ndi Hellifield. Ukangopitirira Settle nyumba zimayamba kusowa, kumatsala nkhosa, mipanda yamiyala ndi mapiri opanda mtengo. Kuchokera pamenepo njanji imangokwera, mita imodzi pa mamita 100 alionse, mtunda wa makilomita oposa 20 mpaka ku Blea Moor. Anthu a njanji amautcha Long Drag chifukwa cha mmene unkatopetsera wothira malasha. Patapita ola ndi mphindi ngati 20 ndinatsika pa Ribblehead, ndipo mphepo inandilandira ndi mbama. Chisanu cha ku Dedza mu June n'chamasewera.

Mlathowo ndinali nditauona kale pa zithunzi, komabe nditatulukira pokhota kanjira ndinaima kakasi. Zipilala zamiyala zolumikizana ngati makomo 24, utali wake mamita 400, ndipo pakati pake kuchoka pansi kufika pamwamba ndi mamita 32. Kumbuyo kwake kuli phiri la Whernside, mbali inayi Ingleborough atafunda mtambo kumutu. Anaumanga m'zaka za pakati pa 1870 ndi 1875, ndi manja, pamalo a dambo pomwe ngakhale lero ukaponda molakwika mwendo umalowa mpaka m'kakolo. Wanga wakumanzere unalowa.

Ndimaganiza kuti ndikhala ndekha. Ayi ndithu. M'mbali mwa msewu galimoto zinali ndandanda, ndipo pa kachitunda kena panali kale anthu ngati 30, ambiri madala a imvi m'majekete okhuthala, aliyense ataimika kamera pa miyendo itatu. Munthu wakuda ndinalipo ndekha, wojambula ndi foni ndinalinso pafupifupi ndekha. Ndinaima chapatali kaye monga mlendo pa maliro a eni ake, mpaka mkulu wina wa chipewa choluka anandikodola. Anandiuza mwaulemu kuti pomwe ndaimapo ndikutsekereza anzanga atatu, ndipo akadzaonera kunyumba adzangoona msana wanga. Anandisendezera malo pafupi ndi iye.

Mdalayu ndiye wandiphunzitsa zonse lero. Choyamba anandifunsa ngati ndadzera ulendo wopita kumpoto kapena wobwerera. Ine ndinati sitima ndi sitima. Anaseka. Akuti yopita kumpoto, ku Carlisle, imafika pamlathopa ikadali pa chitunda, ndiye injini imagwira ntchito, imalira, utsi umatuluka. Pobwerera imakhala pa mtsetse, dalaivala amatseka nthunzi, imangoselereka ngati njinga yotsika Zomba. Chachiwiri, kuzizira komwe ndimadandaulaku n'kumene iwo amapempherera, chifukwa nthunzi imaoneka yoyera ndi yochuluka kukazizira. Nthawi yotentha imangosungunuka m'mwamba, ndipo kukauma kwambiri eni njanji amaopa moto wa tchire, ndiye amalamula kuti injini ya dizilo ithandizire kapena ikoke yokha. Chachitatu anandiuza atatukula chala: sitima ikangomveka, pakamwa potseka. Anthuwa amabwera ndi timaikolofoni tovala ubweya, ndipo munthu wolankhula pa nthawiyo samukhululukira.

Nthawi yomwe amayembekezera inakwana, sitima osaoneka. Aliyense maso pa foni, pa tsamba la Realtime Trains lomwe limaonetsa pamene sitima yafika. Wina anakuwa kuti ikadali pa Hellifield, yachedwa ndi mphindi 40. Palibe anadandaula. Anangotsegula mafulasiki. Ine ndinatulutsa mandasi omwe ndinakazinga dzulo usiku, ndipo mdala uja anadya awiri n'kufunsa ngati muli mazira. Kenaka anafunsa kwathu.

Nditati Malawi, anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti, "Nyasaland. 45622." Ndinaganiza kuti akunena nambala ya foni. Anafotokoza kuti injini yomwe tikudikirayi, Galatea, nambala 45699, ndi ya gulu lotchedwa Jubilee, lomwe analikonza ndi William Stanier wa kampani ya njanji ya LMS. Anapanga injini 191 pakati pa 1934 ndi 1936, ndipo zambiri anazipatsa mayina a maiko ndi zigawo zomwe Britain ankalamulira. Nambala 45621 inali Northern Rhodesia, 45622 inali Nyasaland. Iye akuti anaiona ali kamnyamata ka kabudula, atakhala pampanda ndi kabuku kolembamo manambala, osadziwa n'komwe kuti Nyasalandyo ili mbali iti ya dziko. Inaphwanyidwa pamodzi ndi zinzake. Pa 191 zija zinapulumuka zinayi zokha: Bahamas, Kolhapur, Leander ndi Galatea.

Nkhaniyi inandikhala pamtima mosadziwika bwino. Kumbali ina ndinanyadira ngati mwana. Kumbali inayi ndinaganiza kuti pa nthawi yomwe agogo ankatuluka thukuta ndi fosholo pakati pa Limbe ndi Nsanje, dzina la dziko lawo linali litakhomedwa pa chitsulo kuno ngati chizindikiro cha katundu wa munthu, likuzungulira m'mizinda yomwe iwo sakanaiona. Mdalayo sindinamuuze zimenezi. Anali atadya mandasi anga ndipo nkhope yake inali yowala.

Za Galatea yeniyeniyo mdalayo anazinena ngati za m'bale amene anachira matenda aakulu. Inapangidwa ku Crewe mu 1936, inasiya ntchito mu 1964, n'kugulitsidwa kwa ophwanya zitsulo ku Barry, ku Wales. Mwini malowo, Dai Woodham, anaona kuti kudula mabogi akatundu n'kosavuta ndipo kumabweretsa ndalama msanga, ndiye injini anangoziimika m'mizere zikudya dzimbiri pafupi ndi nyanja. Kuchedwa kwakeko n'kumene kunapatsa anthu mpata wosonkha ndalama, ndipo injini 213 zinatuluka pamalopo zamoyo. Galatea inali m'gulu la zomwe anthu anazitaya mtima, chifukwa itaphonya njanji pabwalo lomwelo anaidula mawilo apakati ndi moto. Inachoka ku Barry mu 1980, poyamba ngati nkhokwe ya zipangizo za Leander, ndipo inadzayendanso mu 2013 atairongosola ku Carnforth. Zaka 49 ili chiimire. Pena eni ake amaiveka dzina ndi nambala ya inzake yomwe inaphwanyidwa. Yakhalapo Alberta, yakhalaponso Sierra Leone. Ndinamufunsa mdalayo ngati tsiku lina angadzaiveke Nyasaland. Anati ndiwalembere kalata.

Tili pomwepo munthu wina kumapeto anakweza dzanja. Onse zii.

Sindinaone kanthu poyamba. Ndinangomva kaphokoso chakumwera, ngati munthu akupuntha chimanga m'thumba kutali, kukubwera ndi mphepo n'kumasowanso. Kenaka kuseri kwa siteshoni kunatuluka chimtambo choyera mbee, chakuda kunsi, chikukwera tolotolo. Phokosolo silinali lija ana amayerekeza la tchu-tchu. Injini imeneyi ili ndi masilinda atatu, ndiye wilo likazungulira kamodzi imapuma kasanu n'kamodzi, ndipo kupumako kumalumikizana n'kukhala ngati kubangula. Inalira wisilo kamodzi, mawu okhuthala ngati a ng'ombe yamphongo, n'kulowa pamlatho. Pamwamba apo njanji ndi imodzi yokha ndipo sitima sizithamanga, ndiye inadutsa mwaulemu, yobiriwira, zitsulo za m'mawilo zikukankhana, mabogi ofiirira akutsatira, anthu m'mawindo akutibayibitsa. Dzuwa lomwe linabisala m'mawa wonse linang'amba mtambo pang'ono, ndipo mthunzi wa utsi unayenda pansi pa dambo limodzi ndi sitima. M'kachipinda ka dalaivala ndinaona kuwala kofiira, kamphindi chabe, ndi msana wa munthu atawerama. Apo m'pamene anatsegula chitseko cha ng'anjo. Ndinasiya kuyang'ana pa foni.

Zonsezi sizinakwane mphindi ziwiri. Kumapeto kwa mabogi kunali injini ya dizilo ikungotsatira, ndipo madala angapo anadandaula nayo. Sitima inakhota kuloza ku Blea Moor, komwe imalowa m'phanga loboola phiri, koma palibe anasuntha kufikira phokoso litatheratu. Fungo linatipeza pambuyo pake, la malasha, mafuta otentha ndi chinyontho. Pamkono wa jekete yanga panagwa timadontho takuda.

Anthu ambiri anathamangira ku galimoto kuti akaipeze kutsogolo, akuti imaima pa Appleby kumwa madzi ndipo munthu wodziwa njira akhoza kuijambulanso kawiri. Ine ndilibe galimoto. Ndinatsikira pansi pa mlatho kukabisala mphepo n'kuona zomwe ndajambula. Chithunzi chili bwino ndithu, kupatula kumapeto komwe foni inapendekeka n'kumajambula udzu. Koma mawu! Mphepo yokhayokha, phuu phuu, ngati munthu akuuzira moto pa mbaula. Kubangula konse kuja kulibe. Wisilo yokha ikumveka chapansipansi. Apa m'pamene ndinamvetsa ntchito ya ubweya uja. Ndinakhala pamwala n'kudzitukwana pang'ono.

Poti sitima yobwerera inali ya madzulo, ndinayenda wapansi kutsetsereka ku Chapel-le-Dale, makilomita ngati atatu, komwe mdala uja anati ndisalephere kufikako. Kuli katchalitchi kakang'ono ka St Leonard, kobisika m'mitengo. Omanga mlatho ndi phanga lija ankakhala m'zithando pa dambo lomwelo ndi akazi ndi ana awo, m'misasa yomwe anaipatsa mayina ngati Jericho, Sebastopol ndi Belgravia. Ngozi, ndewu ndi nthomba zinawatha. Pafupifupi 200 anaikidwa pa katchalitchika, ambiri opanda mwala wa dzina, mpaka manda anachita kuwakuza. Mkati muli mwala wachikumbutso pakhoma. Ndinakhala pabenchi mphindi zingapo, nsapato ikudontha. Kwathu tikamakamba za mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, womwe unatsegulidwa mu 1935, timatchulanso utali wake, koma omwe anasenza miyala sitiwadziwa mayina.

Ndipo njanjiyi inatsala pang'ono kutsekedwa. M'zaka za m'ma 1980 akuluakulu ankati kukonza mlathowu n'kodula kwambiri, anthu anakana, analemba makalata, anayamba kuikwera mwadala, mpaka boma linalengeza mu 1989 kuti ikhale. Sitima yomaliza yamalasha yonyamula anthu pa njanji zikuluzikulu za British Rail, kampani ya boma ya njanji ya nthawi imeneyo, inadutsanso pomwepa, pa 11 August 1968. Malasha enieniwo tsopano ndi ovuta: mgodi womaliza wakuya, Kellingley, kuno ku Yorkshire konkuno, unatsekedwa mu 2015, ndipo ambiri omwe injinizi zikudya masiku ano amachokera kunja.

Madzulo Galatea inabwerera monga ananenera mdala uja, mwakachetechete, kautsi pang'ono, kukuyamba mdima. Ndinajambula nditabisa foni m'chipewa. Mawilo okha ndiwo akumveka.

Ndili m'sitima yobwerera ku Leeds, netiweki itabwera cha ku Settle, ndinawatumizira bambo kanema wa m'mawa uja, n'kupepesa za mawu. Timizere tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo, ndiye kuti anakhala akudikira ndi foni m'manja. Panapita mphindi 10. Kenaka kunabwera uthenga wa mawu, wautali. Poyamba akumveka akuitana amayi kuti adzaone. Kenaka akundifunsa kuti wothira malasha ali mbali iti, ndipo n'chifukwa chiyani sindinamuyandikire. Za mphepo anati zisandidetse nkhawa, mawuwo iwo ali nawo, ndipo anayamba kuyerekeza ndi pakamwa sitima ikukwera chitunda kuchokera ku Luchenza, pang'onopang'ono, kupuma kunayi kunayi, mpaka chifuwa chinawagwira. Amayi akumveka kumbuyo akuti, "Bambo, mudzutsa ana."

Ndinawayankha kuti ya kunoyi imapuma kasanu n'kamodzi. Alemba kuti sizingatheke, ndipite ndikajambulenso bwinobwino. Kaubweya ka maikolofoni ndakapeza pa intaneti, ndaitanitsa. Jekete sindinaichape.