Ndinajambula alandilodi, pano akuti ndikuwafunira maliro

Asayimenti ya semesita ino inali yoti aliyense asankhe luso la anthu akale nkufotokoza zomwe likutiuza za eni ake. Ine ndinatenga zithunzi za ku Fayum, ku Egypt. Ndi nkhope zojambulidwa pa timatabwa topyapyala nthawi imene dzikolo linali mmanja mwa Aroma, paja analilanda mu 30 BC. Utoto ankausakaniza ndi phula la njuchi lotentha, nchifukwa chake mpaka lero nkhopezo zimakuyang'ana ngati zikufuna kukupatsa moni. Katswiri wofukula zakale Flinders Petrie anafukula zambiri ku Hawara, ku Fayum konko, mu 1888. Yomwe inandizunguza mutu ndi ya Artemidorus, ili ku British Museum: dzina lachigiriki, kametedwe ndi chovala zachiroma, koma pathupi pake pajambulidwa Anubis ndi milungu ina ya ku Egypt konko. Ndiye mnyamata ameneyu tizimuti anali mtundu wanji? Funso langa linali limenelo.

Dyera la mamakisi linandituma kuti ndipange changachanga. Phula ndinagula kwa bambo ogulitsa uchi, nkulisungunula mchitini pa mbaula, kathabwa ndinapempha kwa akalipentala. Kunatsala nkhope basi. Ndinapempha alandilodi, poti lendi ndinali ndisanapereke ndiye ndimati mwina mtima ukhala pansi. Mayi aja anasangalala heavy, anavala ndolo, duku la ku ukwati, nkukhala pa mpando osagwedera ngakhale utsi ukuwalowa mmaso. Ndili pafupi kumaliza anafunsa, "Ndiye anthu akowo zithunzizi ankapachika pa balaza?"

Ine sukulu itandikwera mmutu ndinayankha mwaulemu wonse kuti ayi mayi, ankaziika pankhope ya mtembo akamaliza kuukulunga mu nsalu.

Kunangoti zii.

"Mwanawe, wandijambula chithunzi cha pamaliro ndili moyo? Chifukwa cha lendi yomweyi?" Ndinayesa kufotokoza za Agiriki ndi Aroma koma ayi ndithu, madzulo omwewo kunabwera azimayi a mapemphero, anapempherera chipinda changa, mbaula, mpaka chitini chomwe.

Mmawa ndinakwera minibasi ndi chithunzi changa mu jumbo, kutentha kwa Okutobala kuja, ndipo kondakitala anandiika kutsogolo pamwamba pa injini penipeni. Ndikutulutsa mkalasi muja, aise! Diso limodzi linali litatsikira pa tsaya, mphuno yapita kukacheza ndi chibwano, ndolo yasanduka mzere mpaka mkhosi. Ndinayimabe nganganga nkufotokoza za Artemidorus anzanga akugubuduka ndi phwete. Alekichala anachiyang'ana nthawi yaitali kenako anati za ku Hawara zinatha zaka pafupifupi 1,800 mu mchenga zili bwinobwino, chanuchi chakanika ulendo wochoka kunyumba. Wina kumbuyo anakuwa kuti ameneyu si Mgiriki si Mroma, ndi wa ngozi ya kabaza.

Nditafika kunyumba ndinapeza mayi aja akundidikirira pakhonde, akuti bweretsa chinthu chija tikachiwotche. Ndinawapatsa jumbo. Atasuzumiramo anagwira tsaya lawo, kenako mphuno, nkukuwira aneba: "Amake Junior, tabwerani mudzaone, zayamba kale kugwira ntchito!"