Mazira ochepa m'ndowe koma magazi atha

Sabata ino yathera pa nkhosa basi. Lolemba anandiimbira abambo ena oweta pafupi ndi dambo kuti tiana ta nkhosa tikungogona, sitikutsekula m'mimba ayi koma tikutsalira m'mbuyo popita kubusa ndipo kena katupa kunsi kwa chibwano. Nyengo ya mvula ngati ino ine ndimayamba ndaganizira Haemonchus, kanyongolotsi kokhala m'chifu kamene kamayamwa magazi pafupifupi 0.05 ml patsiku, ndiye zikakhalamo 1,000 ndi 50 ml tsiku lililonse kuchoka m'kathupi kakang'ono kaja.

Lachiwiri tinazigwira imodziimodzi, kukoka chikope cham'munsi n'kuyerekeza ndi khadi la FAMACHA loonera kuchepa kwa magazi limene anapanga ku South Africa, 1 ndi kufiira bwino, 5 ndi kuyera ngati pepala. Kotupa chibwano kaja kanali pa 5. Ndinatengako magazi pakhosi komanso ndowe.

Ku labu Lachitatu ndi kumene nkhani inakula. Tikazungulitsa magazi m'makina otchedwa centrifuge timaona PCV, kuchuluka kwa maselo ofiira, nkhosa yabwinobwino imakhala pakati pa 27 ndi 45 peresenti koma kaja kanali pa 13, albumin, puloteni yothandiza kusunga madzi m'magazi, nayo yatsika n'chifukwa chake madzi akudzaza kunsi kwa chibwano. Tsono pa maikulosikopu ndowe za tina tokhala ndi PCV yotsika zinali ndi mazira a nyongolotsi ochepa zedi. Apa ndi pamene anthu amapusitsika, nyongolotsizi zimayamba kuyamwa zisanakhwime, mazira zimadzayamba kuikira patatha pafupifupi masabata atatu, ndiye ukadalira ndowe zokha unena kuti zili bwino pamene mwana wa nkhosa akufa.

Lachinayi tinavutanako pang'ono. Abambo aja amati, "Adokotala, ingomwetsani khola lonse albendazole ngati mwa masiku onse." Ndinawauza kuti abambo, mankhwala omwewo mwezi ndi mwezi ndi amene akusiya nyongolotsi zosamva mankhwala, timwetse zokhazo zili pa 4 ndi 5 komanso ana ali pa 3, ndipo tiyeze kaye pa sikelo kuti tidziwe mlingo wa mankhwala osati kungoyerekeza ndi maso. Anavomera koma mokayika, ndipo sindikuwadabwa, nkhosazo ndi fizi ya ana awo.

Lachisanu tinapereka mankhwala ena a nyongolotsi otchedwa levamisole n'kugwirizana kuti asiye kaye kudyetsa kudambo, kuli nkhono zofalitsa nyongolotsi za m'chiwindi. Pakatha masiku 14 ndikawerenganso mazira ndi kuyeza PCV kuti tione ngati mankhwalawa agwira.