Insulini yawonongeka ndi kutentha, mwana watsala pang'ono kutisiya

Ndine namwino pa kiliniki ya koleji ina kuno ku Chigwa cha Shire. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa mmene Okutobala amakhalira kuno: masana kutentha kumadutsa madigiri 40, usiku ana amayala mphasa pakhonde la hositelo. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zamasiku onse: malungo, mphumu yodzutsidwa ndi fumbi ndi utsi wa nzimbe, mnyamata wa sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, amene mafupa amamuwawa madzi akangochepa m'thupi, ndi aja obwera mwakachetechete kudzapempha chilolezo chokatenga ma ARV anzawo asanadzuke.

Lachitatu usiku amatironi anandigogodera. Wodwalayo anali mtsikana wa chaka chachiwiri, wa shuga ya mtundu woyamba, amene wakhala akudzibaya insulini, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, chiyambire ali kupulaimale. Ndinamupeza akusanza, milomo ili gwa, akupuma mozama ndi mothamanga, mpweya wake ukununkha ngati zipatso zoyamba kuwola. Glucometer, makina oyezera shuga m'magazi, inangolemba HI, kusonyeza kuti shuga yakwera kupitirira pamene makinawo angawerenge. Imeneyi inali DKA, vuto loopsa lobwera thupi likasowa insulini, m'magazi n'kuchuluka asidi.

"Asisita, jakisoni sindinadumphe ngakhale tsiku limodzi," anatero movutikira.

"Ndakumva mwanangu, ndionetse botolo."

Insulini yake, yoyenera kuoneka ngati madzi, inali itachita mtambo, muli timibulu. Mwanayu wakhala akudzibaya mankhwala akufa. Insulini imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo botolo lotsegula limapirira pafupifupi milungu 4 ngati malo sakudutsa madigiri 30. Chipinda chake n'chamalata opanda siling'i. Firiji ya kiliniki inafa mu Ogasiti, ndinalemba kalata, anandiyankha kuti tidikire bajeti. Ndinamuphunzitsa kusunga botolo mumtsuko wa mchenga wonyowa, ndipo amatsatira bwinobwino, koma mipopi ya ku hositelo itauma sabata yatha, madzi amene amapeza anali akumwa basi. Mchenga unauma.

Ndinamuika dilipi ya normal saline, madzi amchere obwezeretsa madzi m'thupi, botolo lomaliza m'kabati. Galimoto ya koleji inali ku Blantyre ndi akuluakulu, ambulansi inali kutali ndi mayi wapakati. Mphunzitsi wina wokhala pafupi ndi amene anadzuka n'kutitengera kuchipatala pa galimoto yake, mafuta akeake, ine ndili kumbuyo nditagwira botolo m'mwamba. Anamugoneka, ndipo pofika Lachinayi madzulo anali akulankhula ndi kumwa phala.

Chimene chandipsetsa mtima kwambiri ndi msonkhano wa Lachisanu. Bwana wina anafunsa kuti, "Kodi sangapume kaye chaka chino, akachire kwawo?" Ndinawayankha mwaulemu kuti bwana, shuga yotereyi sichira, munthu amakhala nayo moyo wonse. Komanso kwawoko ndi cha ku Makhanga, kumene madzi a Freddy anakokolola nyumba yawo mu Malichi 2023. Magetsi kulibe, chipatala chili kutali. Kumubweza n'kumuchotsa pamaso pathu chabe kuti akadwalire kumene sitikuona. Mwanayu amakhoza bwino m'kalasi, ndipo sanalakwe kanthu. Insulini anaitulukira ku Toronto mu 1921. Papita zaka zoposa 100, ndiye koleji yathunthu ilephere kuisunga pozizira?

Ndapempha firiji yaing'ono ya sola, ndi kuti kukhitchini azimusungira chakudya pa nthawi yake, chifukwa nsima ikachedwa iye atabaya kale, shuga imagwa. Ndapemphanso kuti ophunzira odwala matenda okhalitsa asamafunsidwe kalata ya dokotala nthawi iliyonse akaphonya kalasi, popeza mafayilo awo ndili nawo ine. Zonsezi akuti akaziona ku komiti.

Pakadali pano insulini yatsopano ikusungidwa mufiriji ya mayi wina wogulitsa zoziziritsa kukhosi pamsika, m'kabokosi kolembedwa kuti asakaike mbali youndana. Mayeso amene mtsikanayu waphonya Lachinayi sanandiyankhebe ngati amulola kulemba, ndiye Lolemba m'mawa ndikayambira ku ofesi ya mkulu wa dipatimenti yake.