Homuweki ya ziwerengero yandisokoneza pa nkhani ya makochi

Aphunzitsi athu a ziwerengero anati aliyense asankhe funso lomwe akuganiza kuti yankho lake akulidziwa kale, kenako alifufuze. Ine ndinathamangira ku mpira: kodi timu yongosinthasintha makochi ingapite patali? Mumtima ndinali nditayankha kale kuti ayi. Mboni yanga inali Alex Ferguson. Anafika ku Manchester United ngati kochi mu 1986, chikho choyamba anachigwira mu 1990, koma pomwe ankapuma mu 2013 anali atatenga ligi ka 13. Ndinkati kuleza mtima ndiye kumeneku.

Chelsea ndi yomwe inandidula mawu. Kuyambira 2003 mpaka 2022, timuyi ili m'manja mwa Roman Abramovich, kochi ankakhala ngati mlendo wogona usiku umodzi. Carlo Ancelotti anatenga ligi ndi FA Cup mu 2010, chaka chotsatira nkhwangwa inamugwera. Roberto Di Matteo anawina Champions League mu Meyi 2012, pofika Novembala anali atamuonetsa msana wa njira. Komatu m'zaka zomwezo Chelsea inatenga ligi kasanu ndi Champions League kawiri. Ndinangoti kukamwa yasa, tiyi mpaka kuzizira.

Watford inayesa zomwezo mu sizoni ya 2019/20. Inachotsa Javi Gracia, Quique Sánchez Flores ndi Nigel Pearson, n'kutulukabe mu ligi. Ku Chelsea kochi watsopano ankapeza akatswiri ogulidwa ndi ndalama zankhaninkhani, ku Watford ayi.

Chomwe chinandilowa kwambiri n'chimene aphunzitsi anatifotokozera m'kalasi. Kochi amachotsedwa timu ikagonja motsatizana, itafika pansi penipeni. Timu ya osewera abwino singagonje mpaka kalekale, imadzuka ndithu, kochi asinthidwe kapena ayi. Koma amene walowa kumene ndiye amaomberedwa m'manja. Zili ngati kumwa mankhwala tsiku lomwe chimfine chafika pachimake, mawa lake n'kumatamanda mankhwalawo pomwe chimfinecho chinali chikutha chokha. Masapota ambiri, ine ndemwe, takhala tikutamanda mankhwala otere.

Nditapereka zomwe ndinalemba koyamba, aphunzitsi anangolemba funso limodzi m'mbali ndi cholembera chofiira: Ferguson ankawina chifukwa anakhalitsa, kapena anakhalitsa chifukwa ankawina? Ndime yanga yoyamba ndaifufuta yonse. Ntchitoyi ikufunika Lachisanu, ndipo panopa ndikusonkhanitsa zotsatira za magemu khumi kochi asanachotsedwe ndi khumi atachotsedwa.